Bilimankhwe m'Bokosi la Choko

Mdzukulu wanga wamkazi, wa Sitandade 6, anabwera kutchuthi kuno ku Henga atatenga kabuku kachikuto chong'ambika. Amayi ake anakagula pamulu wa mabuku akale amene amayalidwa pansi mumsika wa ku Mzuzu. Masiku atatu mwanayo anali pakhonde, chagada, miyendo itatsamira chipupa, akuseka yekha ngati wa vimbuza. Nditamufunsa chimene chikumuseketsa, anandiuza kuti ana a m'bukumo amapaka ulimbo pampando wa aphunzitsi, amabisa belu kuti nthawi yopuma isathe, ndipo wina anathira tsabola m'tiyi wa ahedi. Anandiwerengera tsamba limodzi akumasulira, mawu akudukaduka ndi phwete. Ndinaseka mpaka chifuwa chinandiyamba.

Ine wosekayo ndinagwira choko zaka 34, ndipo ndine mkulu wa mpingo mu CCAP, Sinodi ya Livingstonia.

Lamulungu lotsatira kabukuko kanapita kutchalitchi katabisala m'buku la nyimbo. Mkulu mnzanga, munthu amene tinalowa limodzi kalasi ya ubatizo tili anyamata, anapeza kagulu ka ana kuseri kwa vesitili kakugubuduka ndi chiseko pamene anzawo akuloweza vesi. Analanda kabukuko nabwera nako kwa ine. "Adada, n'zimene mukulerera ana kunyumba kwanu izi? Buku ili ndi sukulu ya mwano." Ndinayesa kuseka, iye sanaseke. Anakaika m'thumba la jekete nati adzabweza akakaona bwino.

Kuyambira tsiku limenelo mawu akewo akundisowetsa tulo, chifukwa munthuyo si wopusa. Ngati kupulupudza kwa mwana kuli tchimo, ndiye kuti chiseko changa pakhonde paja chinali kuombera m'manja tchimo. Ngati si tchimo, nanga ndodo zonse zimene ndinathyolera pa ana a eni zinali za chiyani? Kulikonse kumene ndingathawire ndikupezako mlandu wanga.

Ndiyambe ndi bilimankhwe. Ndinabadwira m'chigwa chino, koma ntchito ndinakayambira ku Dowa, ndipo Chichewa chinandilowa m'magazi kumeneko. M'chaka cha 1989 boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere kuzigawo za kwawo, potinamizira ife a kumpoto kuti tinkaphunzitsa ana a pakati ndi kumwera mwaulesi dala. Ndinakweza katundu pa lole n'kubwerera ku Rumphi ndili ndi mkwiyo umene ndinalibe poutulira. Ataona kuti ndimayankhula Chichewa ngati mwana wa kwa Msakambewa, anandipatsa phunziro lomwelo. Choncho munthu wopirikitsidwa chifukwa cha Utumbuka ndinasanduka mlonda wa Chichewa pakati pa ana oyankhula Chitumbuka, chiyankhulo chimene chinali chitachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mu 1968. Mwana akaponya liwu la kwawo m'phunziro langa, tsiku limenelo ankatchetcha bwalo.

M'mawa wina mu 1991, dzinja lili pakati, fodya ali m'munda, ndinalowa mu Sitandade 5. Ndinali ndi kabokosi kathabwa kosungiramo choko. Ndinapisamo dzanja maso ali kubolodi. Chinthu chozizira, chokhakhala, chinandigwira chala ndi timanja take tonga mbaniro. Ndinaponya kabokosi m'mwamba, ndinagunda tebulo, rejisitala inagwera uko, ndipo ine, mlonda wa Chichewa, ndinakuwa kuitana amama m'Chitumbuka chenicheni cha ku Mhuju. Ana oposa 70 anagwa pansi ndi phwete. Bilimankhwe uja anatuluka pakati pa zidutswa za choko akuyenda mwaulemu wake wa masiku onse, diso limodzi kwa ine, lina kudenga.

Ndisanafunse n'komwe, monita anaimirira ndi kapepala. Anali mwana waukhondo, wosachedwa, wosajomba, woloweza mavesi kuposa anzake onse, mwana amene mphunzitsi aliyense amalakalaka atakhala wake. Pakapepalapo panali dzina limodzi lolembedwa mwaluso. Mwini dzina sanakane. "Ndine, asambizgi." Ndinamukwapula ndodo zisanu ndi imodzi, n'kumupatsa chitsa cha muwanga kuti azule.

Pa nthawi yopuma ana ananyamula bilimankhwe pakamtengo kupita naye kuseri kwa kalasi. Nkhani ya makolo mukuidziwa: Chiuta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzauka, natumanso buluzi ndi uthenga wakuti akafa afa, bilimankhwe anazengereza panjira, buluzi n'kufika msanga. Mlandu umenewo sunathebe. Monita anakapempha fodya wofwenkha kwa mayi wogulitsa zitumbuwa, nathira m'kamwa mwa kanyamako. Kanada bii, kanapindika, kanafa, ana akuvina mozungulira. Ine ndinaonera pawindo ndipo sindinaletse. Kunena zoona, mtima unkati chimve. Mnyamata uja anasiya khasu pachitsa nabwera pawindo pomwepo, misozi imene sanagwetse pa ndodo ili mbwembwembwe. Anandifunsa m'Chitumbuka, ndipo tsiku limenelo sindinamutumize kukatchetcha: "Asambizgi, ine mwandikwapula kale. Nanga uyu walakwanji?"

Panapita masiku ndisanazindikire chinthu china. Dzina lija linalembedwa ine ndisanalowe m'kalasi. Monita anaona bilimankhwe akuikidwa, mpata wondichingamira pakhomo n'kundichenjeza anali nawo, koma anadikira kuti mlandu upse.

Munthu amene anasinkhasinkha za kupulupudza mozama kuposa tonse ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, mwana wa mu Africa muno, wobadwira ku Thagaste mu 354, m'dziko limene lero ndi Algeria. Ali ndi zaka 16, iye ndi anzake anapita usiku kukagwedeza mtengo wa zipatso wa mnansi. Tikamasulira timati mapeyala, koma si mapeyala athu odyera mbatata awa, ndi tizipatso ta kwawoko. Njala analibe, kwawo kunali zipatso zokoma kuposa zimenezo, ndipo zambiri anangoponyera nkhumba. Ali ndi zaka zopitirira 40, polemba buku lake la Confessions, anabwerera pansi pa mtengowo n'kudzizenga mlandu ngati wapha munthu. Anapeza kuti chimene chinamukomera usiku uja sichinali chipatso koma kuletsedwako, komanso kuti akanakhala yekha sakanachita. Kwa iye umenewu unali umboni wakuti mtima wa munthu ndi wopotoka chibadwire, umakonda choipa ngakhale chilibe phindu.

Chiphunzitsochi chinayenda ulendo wautali. Chinadzera kwa Calvin ku Geneva, chinalowa m'katekisimu wa Westminster wa 1647, chinakhazikika ku Scotland, ndipo mu 1894 chinakwera phiri la Khondowe pamodzi ndi Dr Robert Laws. Ife a kuno tinachiyamwira pabere, ndipo ine sindichikana. Amene amati mwana ndi mngelo sanatsekeredwepo ndi ana 70 m'chipinda chimodzi masana a Okutobala. Ndaona kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri kakubisa pensulo ya mnzake, osati poifuna, koma kuti kaone mnzakeyo akulira.

Pamene ndimasiyana ndi mkulu mnzanga ndi poloza chala. Iye akamva za tchimo lobadwa nalo amaona mnyamata wa bilimankhwe. Ine, patapita zaka zonsezi, ndimaona anthu atatu m'chipinda chija, ndipo mwa atatuwo wa mlandu wopepuka ndi wa bilimankhweyo. Iye anafuna kuona mphunzitsi waukali akudumpha, anaona, analipira, osabisala kumbuyo kwa munthu. Monita anapindulanji? Sanadye kanthu, chimene chinamukomera ndi kuona mnzake akuwerama, ndipo kanyama kaja anakaphera pagulu, anzake akumuchemerera. Zizindikiro zonse ziwiri za Augustine zili pamenepo. Wachitatu ndi ine. Ndodo ziwiri zoyamba mwina zinali za bilimankhwe. Zinayi zotsatirazo zinali za lole ya 1989, za manyazi oitana amama pamaso pa ana, za zinthu zimene mwanayo sankazidziwa n'komwe.

Tsono mabuku. Olemba akale ankawapha ana oterewa. Mu 1865 Mjeremani wina, Wilhelm Busch, anatulutsa kabuku ka zithunzi ka anyamata awiri, Max ndi Moritz. Mwa zopulupudza zawo zisanu ndi ziwiri, chimodzi n'chothira wonga m'kaliwo wa mphunzitsi wawo, mwini wake ali kutchalitchi kukaliza limba. Pomaliza mlimi awagwira, awaponya m'thumba, apita nawo kuchigayo, ndipo zidutswa zawo zitoledwa ndi abakha. Wolira m'mudzimo palibe, mitima ya anthu ingokhala pansi. Buku limenelo mkulu mnzanga akhoza kulilola, chifukwa malipiro a uchimo ali poyera. M'Baibulo muli nkhani yonga yomweyo imene ine, munthu wadazi, ndimaiwerenga mosamala. Pa 2 Mafumu 2, anyamata a ku Beteli anaseka dazi la Elisa, ndipo zimbalangondo ziwiri zinatuluka m'thengo n'kukhadzula 42 mwa iwo. Ndinaiphunzitsapo kamodzi ku Sande sukulu. Nthawi yonseyo ana ankayang'ana mutu wanga akudziluma milomo, ndipo sindinaibwerezenso. Ngakhale Pinocchio, kachidole kabodza kothawa sukulu kaja, mlembi wake Carlo Collodi anali atakapachika pamtengo mu 1881 n'kuyesa nkhani yatha. Owerenga nyuzipepala ya ana imene inkasindikiza nkhaniyo sanalole, ndipo mkuluyo anakakamizika kukatsitsa n'kupitiriza.

Buku limene linanditsegula maso ndinaliwerenga mochedwa, imvi zitayamba kale: Tom Sawyer la Mark Twain, la 1876. Tom amajomba, amanama, amanyengerera anzake kuti amupakire laimu pampanda n'kumulipiranso, amagula kwa anzake matikiti a mavesi kuti alandire Baibulo la mphoto ku Sande sukulu pamene mavesiwo sakuwadziwa. M'nyumba yomweyo muli m'bale wake Sid, mwana wofatsa, wosadetsa malaya, amene ntchito yake ndi kuneneza. Nditafika pa Sid ndinatseka buku, chifukwa ndinamuzindikira. Paumonita ndinamuika ndine. Ndipo tsiku limene mtsikana wina wang'amba buku la aphunzitsi, ndodo ili pafupi kumugwera, amene amadzambatuka n'kunena kuti wang'amba ndi iye, nalandira zikoti za mnzake, ndi Tom. Twain analeredwa mu mpingo wa Presbyterian ngati ife, ngakhale anakula akuuseka, koma m'mabuku onse a ana amene ndawerenga palibe chithunzi chimene chimayandikira mtanda ngati chimenecho.

Ife sitinadikire Twain. Madzulo, nsima itatsika, agogo ankatisimbira vidokoni, ndipo mwini bwalo anali Kalulu. Nyama zonse zikumba chitsime, Kalulu akana. Usiku abwera kudzatunga, namanga alonda mmodzimmodzi powanyengerera ndi uchi. Tinkamukonda koopsa. Agogo otisimbirawo ndi omwewo ankatitsina khutu tikanama, ndipo sankaona kuti zikutsutsana. Ankadziwa kuti Kalulu ndi wamng'ono pakati pa njovu ndi mikango, ndi kuti ife omverafe tinali aang'ono pakati pa akuluakulu amene mawu awo sabwezedwa. Sankamulola apambane masiku onse. Fulu, woyenda pang'onopang'ono uja, ndiye amamugwira pachitsimepo. Fisi nayenso amanyenga m'nthano, koma sindinaonepo mwana wofuna kukhala Fisi, chifukwa iye amanyenga kuti adye ana a mnzake.

Tayerekezani ndi Timve ndi Tsala, ana a m'mabuku amene tinkaphunzitsira. Mayina awo Mmalawi aliyense wa msinkhu wina amawakumbukira. Mufunseni chimene anachita, mudzaona akukanda mutu. Ndinakhala nawo zaka zambiri ana awiri aulemuwo, ndipo palibe mwana amene ndinamugwirapo atabisa Timve m'buku la nyimbo.

Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, lotuluka mu 1933, kuti aonetse mwana wakuba ndi wosamva akutembenuka mtima pomaliza. Cholinga chinali kutembenukako. Koma ndikamawawerengera ana Lachisanu masana, makutu ankaima pa kuba kuja, ndipo tikayandikira kulapa ena ankayamba kuyasamula. Kale ndinkati ndi umboni wa mitima yawo yoipa. Tsopano ndimaona kuti Ntara ankadziwa ntchito yake. Kulapa kwa Nthondo kumagwira mtima chifukwa tayenda naye m'zolakwa zake zonse mpaka tamuzolowera ngati mwana wa m'mudzi mwathu. Tikanamuda kuyambira tsamba loyamba, kubwerera kwake kukanatikhudza chiyani?

Amene anamasulira Nthondo m'Chingerezi, nalitcha Man of Africa mu 1934, anali Thomas Cullen Young, mmishonale wa Livingstonia, yemwenso analemba mbiri ya Atumbuka ndi Akamanga a kuno kwathu. Mkulu ameneyu ali ndi bilimankhwe wakewake. Cha m'ma 1915, akuyang'anira mayeso ku Kasungu, dera limene nthawiyo linali pansi pa Livingstonia, anaona kamnyamata kataimirira mayeso ali m'kati, nakatulutsa poyesa kakuonera. Monga nkhaniyi imakambidwira, kanali kafupi, kanakhala kumbuyo, ndipo kankangofuna kuona bolodi. Kamnyamatako kanali Hastings Banda. Khomo litatsekeka chotero, anauyamba wapansi kupita ku Southern Rhodesia, kenako ku Joni. Awiriwa anadzakumananso ku Edinburgh, nagwirizana, natulutsa limodzi buku la Our African Way of Life mu 1946. Young anali munthu wanzeru, wokonda anthu a dziko lino, komabe anaona mwana ataimirira n'kuwerenga tchimo. Ndikaganiza kuti mwana wotulutsidwa mopanda chilungamo uja ndi amene anadzamanga dziko la mamonita, dziko limene aliyense ankagona akuopa kuti dzina lake lili pakapepala ka wina, ndipo ndi yemweyo anandikweza pa lole mu 1989, mutu umandizungulira.

Pano pali dzenje limene sindifuna kugweramo. N'kosavuta kunena kuti wopulupudza aliyense ndi mneneri amene akukula, ndipo kuno zitsanzo zokopa tili nazo. Elliot Kamwana anachoka pasukulu ya mishoni ya Livingstonia mu 1901 pokana fizi, nadzagwedeza dziko la Atonga ndi ulaliki wake. Chakufwa Chihana, mwana wa ku Mhuju konkuno, anatsika ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992 akudziwa kuti amangidwa, ndipo a boma ankamuyesa wosokoneza. Koma kuika bilimankhwe m'bokosi si kutsika ndege ija. Opulupudza ambiri amene ndinawaphunzitsa lero ndi alimi a fodya, makondakitala, amayi a pamsika wa pa Boma ndi ku Bolero; ena anathera ku kachasu.

Mnyamata wa bilimankhwe naye sanali woyera. Chaka chomwecho anayamba kutsanzira mtsikana wina wachibwibwi nthawi iliyonse akaimirira kuwerenga, mpaka mtsikanayo anasiya kukweza dzanja, kenako anayamba kujomba masiku a Chichewa. Nkhani ya bilimankhwe anthu a kuno amaikambabe pamaliro usiku n'kumaseka, ine ndili pomwepo ndikuotha moto. Ya mtsikana wachibwibwi palibe amene amaikamba. Palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa kusiyanitsa, koma chiseko chimadziwa njira yake: chikakwera kupita kwa wamphamvu wogwira ndodo chimapepuka, chikatsikira kwa wofooka chimasanduka chinthu china chimene dzina lake ndi nkhanza. Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti pa mlandu wa bilimankhwe ndinakwapula zisanu ndi imodzi, pa wa mtsikana ndinangodzudzula pakamwa ndikufufuta bolodi. Ulemu wanga ndinauyesa wolemera kuposa lilime la mwana wa mwini. Monita naye, ndi pensulo yake yosongoka ija, pa mlandu umenewu sanalembepo dzina ndi kamodzi komwe. Ankadziwa milandu imene aphunzitsi amagula.

M'mabuku abwino a ana opulupudza ulimbo umapakidwa pampando wa aphunzitsi, osati wa mwana wolumala. Mlembi akasokoneza pamenepo ndiye kuti buku laola, ndipo ine ndi mkulu mnzanga tikhoza kukaliponya limodzi m'chimbudzi. Zotere zilipo, makamaka timafilimu ta pafoni timene amaseka openga ndi okalamba. Koma kabuku ka mdzukulu wanga sikanali kotero.

Mwana akamawerenga kabuku ngati kameneka sakuphunzira kupaka ulimbo. Zimenezo amabadwa akuzidziwa, Augustine watiuza kale. Akuphunzira kuima pamodzi ndi wogwidwa. Masamba onsewo mtima wake ukugunda limodzi ndi wa wolakwa, akudziwa bwinobwino kuti walakwa, koma akufunabe kuti apulumuke. Mpingo uli nalo liwu la zimenezi, timaliimba Lamulungu lililonse: chisomo. Pa Luka 15 Yesu anasimba za ana awiri. Timaitcha nkhani ya mwana wolowerera, koma imathera panja, atate akudandaulira wamkulu uja, wosaphwanyapo lamulo, amene wakana kulowa m'nyumba chifukwa ng'oma zikulirira mng'ono wake. Wamkuluyo ali ndi kapepala kake: zaka zimene watumikira, kamwana ka mbuzi kamene sanapatsidwe, akazi amene mng'ono wake anadya nawo chuma. Zonse n'zolembedwa mwaluso, zolembedwa kale. Tchimo la wamng'ono linkanunkha nkhumba, aliyense analimva, mwini wake yemwe, ndipo chinthu chonunkha munthu amafuna kuchisamba. La wamkulu linavala malaya ochapa. Nkhaniyo imatha tisanamve ngati analowa.

Ndipo Yesu mwini, ali ndi zaka 12, anatsalira ku Yerusalemu osatsanzika, makolo namufunafuna masiku atatu mitima ili m'mwamba. Ndikanakhala Yosefe, ndi maphunziro anga a kukoleji aja, ndikudziwa chimene ndikanathyola m'mbali mwa njira. Mpingo umaphunzitsa kuti Mwanayo analibe tchimo, ndipo ine ndimakhulupirira. Ndiye kuti pali kuvutitsa akuluakulu kwina kumene si tchimo konse, pali kwina kumene ndi tchimo la chibwana, pali kwinanso kumene ndi nkhanza, ndipo katundu wosiyanitsa ali pamutu pa ife ogwira ndodo, amene nthawi zambiri timaweruza chala chikadanjenjemera.

Ndodo masiku ano inaletsedwa m'sukulu, ndipo anzanga opuma tikakumana kolandirira penshoni amadandaula kuti ana awonongeka. Mwina n'zoona. Koma kuyambira 1994, pamene pulaimale inakhala yaulere, ana anasefukira m'makalasi, mphunzitsi mmodzi sangaone zonse, ndipo kapepala ka olongolola kakadalipo. Monita ndi wofunika kuposa kale. Ndodo tinachotsa, koma sukulu yophunzitsa mwana kukondwera ndi kugwa kwa mnzake sitinatseke. Sindikuti monita wanga uja anali mdierekezi. Anali mwana wa zaka 12 amene anaona kuti chikondi cha aphunzitsi chimagulidwa ndi mayina, ndipo mtengo wake ndinaika ndine. Timati kuongola mtengo mpoyamba. Ine ndinalimbana ndi wopindika poonekera, winawo ndikuuthirira m'mawa uliwonse.

Patapita masabata awiri, tchuthi chili pafupi kutha, mkulu mnzanga anabwera panjinga madzulo. Anakhala pampando wa ndalema, analandira tiyi, natulutsa kabuku kaja m'jekete.

"Maganizo anga sanasinthe, adada. Kutchalitchi kasabwerenso."

Ndinavomera, chifukwa pamenepo analondola. Tinakhala chete tikuyang'ana mapiri a Phoka akuda. Kenako, osafunsidwa ndi munthu, anayamba kusimba za chaka china tili anyamata, pamene iye ndi anzake awiri anamangirira chingwe cha belu la tchalitchi kumwendo wa mbuzi ya mlaliki usiku, mudzi wonse n'kudzuka ndi miyuni poyesa kwagwa maliro. Ndinali nditaiwala kuti anali iye. Anaseka mpaka anavula magalasi kuti apukute misozi. Atatha anawabwezera pamphuno, nkhope n'kubwerera mwakale.

"Koma linali tchimo," anatero.

"Linali," ndinayankha.

Mdzukulu wanga, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko, anatuluka nagwada kulandira kabuku kake ndi manja awiri. "Yewo, asekuru." Atakatsegula anandiponyera diso, nandionetsa mwakachetechete kaudzu kouma kali pakati pa masamba, pafupi ndi kumapeto.